Khotekhote ngwa njira: kujambula labyrinth pabwalo la ku Mufakose

Funso: Ndine mayi wa ana anayi, ndimakhala ku Mufakose mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, makolo anga anachokera ku Ntcheu. Mwana wanga anandionetsa pafoni zithunzi za mizere yozungulirazungulira yopentedwa pansi m'mapaki a maiko akunja, anthu akuyendamo mwakachetechete. Akuti dzina lake ndi labyrinth. Pafupi ndi kwathu pali bwalo lakale la simenti lomwe linasiyidwa. Pano anthu amatayapo zinyalala ndipo anyamata amasutirapo zoipa. Ine ndi achinyamata a kumpingo kwathu tikufuna tijambulepo chinthu chimenechi, ndipo ena akuti tijambulenso pamsewu wa kutsogolo kwa tchalitchi. Kodi chimajambulidwa bwanji, penti yake ndi iti, nanga akhonsolo angatilole? Mantha anga ndi akuti anthu anganene kuti Amalawi aja ayamba zamatsenga. Ndine Nabanda, Mufakose.

Yankho: Zikomo Anabanda polemba. Ine ndine mwana wa ku Highfield, bambo anga anachokera ku Dedza kudzagwira ntchito kuno ku Harare mzindawu ukadali kutchedwa Salisbury. Burashi ndaigwira zaka zoposa 20. Ndinayamba ndi zikwangwani za masitolo pa Machipisa, kenako makoma a masukulu ndi mizere ya mabwalo a mpira wamanja. Pa zonse zimene ndapentapo, palibe chimene chimadya penti yochepa koma n'kuitana anthu ambiri ngati chinthu mwaonachi. Ndiye jambulani ndithu. Koma penti ikhale yomalizira, osati yoyambira, ndipo za pamsewuzo ndikukanizani.

Tiyambe tachidziwa chimene tikujambula, pakuti ambiri amachisokoneza ndi china chofanana nacho. M'mabuku a ana mumakhala masewera aja a khoswe wofunafuna njira yopita ku chakudya, njira zina zili zotseka. Amenewo pa Chingerezi amati maze, ndipo cholinga chake n'kusocheretsa munthu. Labyrinth ilibe mphambano ngakhale imodzi. Njira ndi imodzi yokha: mulowera pakhomo, mukhota uku ndi uku mpaka pakati, ndipo potuluka mubwerera momwe munadzera. Simungasochere ngakhale mutafuna. Akuluakulu anati khotekhote ngwa njira, palinga mtima mpomwepo, ndipo sindinaonepo chinthu china chimene chimauika mwambiwu pansi kuti munthu auponde ndi mapazi. Ana a pasukulu ina kumene ndinajambula anangochitcha nkhono, dzinalo n'kukhazikika. Inenso ndizitero m'kalata ino.

Nkhonoyi ndi yakale kwambiri. Ku Pylos, m'dziko la Greece, anafukula phale ladongo la zaka pafupifupi 1,200 Yesu asanabadwe. Mbali imodzi mlembi analembapo za mbuzi ndi eni ake, kuseri kwake n'kujambulako nkhono ya mikombero 7, yomweyi ndikuti ndikuphunzitseni. Pambuyo pake anthu a ku Knossos, pachilumba cha Crete, anaidinda pa ndalama zawo zachitsulo. M'mphepete mwa nyanja ku Sweden ndi Finland muli mazanamazana zoyalidwa ndi miyala. Ya m'tchalitchi yakale kuposa zonse zodziwika inayalidwa kuno ku Africa, m'zaka za m'ma 300, m'tauni ya ku Algeria imene lero imatchedwa Chlef. Yotchuka kwambiri ili pansi m'tchalitchi chachikulu cha Chartres ku France, ya kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1200. Imeneyo ili ndi mikombero 11, m'mimba mwake ndi mamita pafupifupi 13, koma njira yopindidwa m'menemo imapitirira mamita 260. Zambiri zimene mwaona pafoni zinatengera ya ku Chartres, chifukwa kuyambira mu 1991 m'busa wina wamkazi, Lauren Artress, wa patchalitchi cha Grace Cathedral ku San Francisco ku America, anaifalitsa kwambiri, ndipo kuchokera m'matchalitchi inatulukira m'mapaki, m'zipatala ndi m'masukulu. Ku Toronto m'dziko la Canada, mwachitsanzo, ilipo pa Trinity Square, pakatikati pa mzinda, yoti aliyense wodutsa ayendemo ulere. Ya ku Chartres musayambe nayo. Ndi yokongola, koma miyeso yake imavuta ndipo imafuna malo aakulu.

Nanga anthu amapezamo chiyani? Tiwerenge mikombero kuchokera kunja, wakumphepete ukhale woyamba. Munthu polowa sayambira woyambawo ayi. Amagwera mu wachitatu, n'kuona ngati pakati payandikira kale. Kenako njira imamutulutsira mu wachiwiri, n'kumutayanso mu woyamba, kumphepete kwenikweni, womwe ndi wautali kuposa yonse. Apa m'pamene ana amafuula kuti asochera. Akapirira amalowa wachinayi, kuchoka apo n'kufika mu wa 7, womwe wagundana ndi pakati penipeni, moti atatambasula dzanja akhoza kupakhudza. Koma njira imamubwezanso mu wa 6 ndi wa 5, ndipo pamene wayamba kutaya mtima amangozindikira kuti wafika. Ndiye kuti 3, 2, 1, 4, 7, 6, 5, kenako pakati. Ife ana a obwera, amene ambiri tinayenda zaka ndi zitupa zolembedwa kuti ndife alendo m'dziko lomwe tinabadwira, ulendo wotere timaudziwa: lero wayandikira, mawa wabwezedwa. Ndinaonapo bambo wachikulire atafika pakati, n'kuvula chipewa, n'kuima phee kwa nthawi yaitali. Sindinawafunse chimene ankaganiza.

Mutu umapuma chifukwa palibe chosankha, ntchito yatsala ndi ya mapazi. Koma ndisakunamizeni Anabanda, nkhono si mankhwala. Mnyamata amene wagwidwa ndi mutoriro, mankhwala osokoneza bongo aja, sangachire poyenda m'mizere. Ameneyo akufunika achipatala ndi abale ake. Chimene nkhono ingachite n'kubweretsa anthu pabwalo, agogo m'mawa, ana akaweruka kusukulu, ndipo pamalo pamene pali maso ambiri munthu amachita manyazi kukhuthulapo zinyalala. Anyamata amene amakhala pamenepowo musawathamangitse. Apatseni tsache ndi chingwe. Munthu sawononga msanga chimene anapenta ndi dzanja lake.

Tsopano mantha anu aja, omwe kwa ine ndiwo mutu wa nkhani yonse. Sindikuwapeputsa ngakhale pang'ono. Tinakulira kuno tikumva maina amene amatitcha, ndipo tikudziwa kuti gule akatuluka, amene anzathu kuno amati zvigure, ena amatsekera ana m'nyumba. Munthu wa kwathu akangowerama n'kuyamba kulemba pansi, maso amakhala ali kale pa iye. Ndiye taganizirani mmene nkhono imayambira: mtanda pansi wooneka ngati mphambano, madontho anayi, ndi laimu woyera ngati ufa. Ndani mwa ife sadziwa zimene anthu amakasiya pamphambano mbandakucha? Ine zinandionekera. Tsiku lina ndinalawirira pabwalo lina cha m'ma 5 koloko pothawa dzuwa, ndili ndekha, n'kuyala mtanda wanga ndi laimu. Pofika 7 koloko panali gulu, ndipo mayi wina anabwera ndi ndowa ya madzi amchere n'kuthira ntchito yonse. Mayiwo sindinawaimbe mlandu. Wolakwa ndinali ine, amene ndinafika usikusiku pamalo a eni ake osalonjera aliyense.

Kuyambira pamenepo njira yanga ndi iyi. Tsiku loyamba likhale Loweruka masana, dzuwa lili pamutu, ndipo ojambula akhale ana, ndi choko cha mitundumitundu. Phada wathu, yemwe kuno amati pada, nayenso ndi mizere yolembedwa pansi, koma palibe amene amamuopa chifukwa aliyense anaonapo ana akumujambula. Sabata isanafike yendani khomo ndi khomo kwa oyandikana ndi bwalolo, zithunzi zija zili m'manja, mufotokoze m'Chishona chomveka bwino kuti ndi njira yoyendamo popumitsa maganizo ndiponso masewera a ana. Itanani abusa a mipingo ina, ashehe a kumzikiti, amayi ogulitsa tomato pakona. Woyamba kuyendamo asakhale wa mpingo wanu. Gwirani dzanja gogo wa nyumba yoyandikana nayo, muyende naye mpaka pakati. Za mtandawo, auzeni Akhristu ndi Asilamu omwe kuti ndi muyeso chabe, wakale kuposa zipembedzo zonse ziwiri, ndipo mizere ikatha sumaonekanso ngati mtanda. Ngati bwalolo ndi la anthu onse, musalembepo dzina la mpingo kapena vesi. Mukatero ena adzaliona ngati lalandidwa.

Choko chikafufutika mujambulenso ndi laimu wosungunula m'madzi, monga amachitira pabwalo la mpira, ndipo muisiye mwezi wathunthu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. M'mwezi umenewo mudzaona ngati anthu akuyendamo, mbali imene amalowera, pamene madzi amadikha, ndi amene akudandaula. Mwina mudzapeza kuti khomo munaliloza kolakwika, kapena kuti ngodya ina ndi golo la ana a mpira wapulasitiki. Laimu amakhululuka. Penti ya pamsewu ikauma pa simenti, kuichotsa ndi ntchito yoposa kuipaka.

Mizere ya pansi si nkhani yaing'ono monga ena amaganizira. Mukadzapita m'tauni mudzaime pa Africa Unity Square, pamalo pamene atsamunda anakwezera mbendera yawo mu 1890, muone mmene tinjira ta m'pakimo tinayalidwira: timatsata maonekedwe a mbendera ya Britain. Dzina linasintha kuchoka pa Cecil Square, koma anthu akuyendabe tsiku ndi tsiku m'mizere imene anawalembera ena. Wolemba mzere pansi amauza mapazi a anthu kolowera. N'chifukwa chake ndimakondwa ndikamva kuti amayi ndi achinyamata a ku Mufakose akufuna kulemba yawo, ndipo n'chifukwa chomwecho ndikuti eni mapaziwo afunsidwe.

Za chilolezo, safunsa anadya phula. Choyamba dziwani mwini bwalolo. Likhoza kukhala la khonsolo, la sukulu, kapena la mpingo wina. Ngati ndi la City of Harare, yambirani kwa khansala wa wodi yanu ndi ku ofesi ya khonsolo ya m'dera lanu. Simuyenera kuthamangira ku Town House, likulu la khonsolo, tsiku loyamba. Lembani kalata yaifupi yonena malo, kukula kwa chojambulacho, mtundu wa penti, amene alipire, ndi amene azisesa. Phatikizanipo chithunzi cha bwalolo mmene lilili lero ndi zinyalala zake, chojambula chanu papepala, ndi maina a oyandikana nalo amene avomera. Nenani momveka kuti simukumanga chilichonse, simukutchinga mpanda, simudzalipiritsa munthu, ndipo simukutsatsa malonda. Chilolezo cha pakamwa musakhutire nacho. Pemphani kalata yodindidwa, muijambule pafoni, ina muisunge. Amene wakulolani lero akhoza kusamutsidwa, wobwerayo n'kukufunsani pepala.

Pamsewu ayi. Kunja kumene mwaona nkhono zili pa tala, kawirikawiri ndi misewu yotsekedwa kwa magalimoto kapena ya tsiku la chikondwerero. Kwathu kuno msewu wa kutsogolo kwa tchalitchi ndi womwewo umene makombi ndi mishikashika, timagalimoto tonyamula anthu mozemba tija, amadulira pothawa mzere wa magalimoto. Munthu woyenda m'nkhono maso ake amakhala pansi, ndipo mwana akaona mizere yokongola amathamangirako osayang'ana kumbali. Kujambula pamenepo n'kuitanira ana pakamwa pa galimoto. Komanso mizere yoyera ndi yachikasu pamsewu ili ndi tanthauzo kwa oyendetsa, si ya munthu wamba kuonjezerapo. Achinyamata anuwo akaumirira, auzeni ajambule m'bwalo la tchalitchi, m'kati mwa mpanda.

Tiyeni tsopano pabwalo. Dulani ndodo yowongoka ya masentimita 60. Imeneyi ndiyo muyeso wa ntchito yonse: kuchokera pamzere wina kufika pa unzake ndi ndodo imodzi, ndipo mzere ukatenga masentimita 8, poponda pamatsala 52, pokwana munthu mmodzi bwinobwino. Nkhono ya mikombero 7 m'lifupi mwake ndi ndodo 15, ndiye kuti mamita 9, ndipo kuchokera kukhomo kufika kumutu ndi mamita 8 ndi pang'ono. Ngati bwalo lanu linali la mpira wamanja, lomwe limakhala mamita 30.5 m'litali ndi 15.25 m'lifupi, nkhonoyi ikwana m'chigawo chimodzi mwa zigawo zitatu za bwalolo, kwinako n'kutsalira masewera ena. M'kachigawo kameneko mupindamo njira ya mamita pafupifupi 90, kulowa ndi kutuluka 180.

Chiyambi chake timachitcha mbewu. Jambulani mtanda, mkono uliwonse ndodo ziwiri kuchokera pakati. M'zigawo zinayi za mtandawo ikanimo zigongono zinayi, zooneka ngati chilembo cha L, chilichonse chitalikirane ndi mtanda ndodo imodzi, mikono yake ndodo imodzi imodzi, nsonga zitaloza kunja. Kenako dontho limodzi pangodya iliyonse, pomwe chigongono chatsegukira. Mukayang'ana muona bokosi la mamita 2.4 mbali zonse, lokhala ndi nsonga 16 m'mphepete mwake: 4 za mtanda, 8 za zigongono, ndi madontho 4. Ntchito yotsala n'kulumikiza nsongazi ziwiriziwiri ndi mauta 8.

Imani kumunsi kwa mbewu, kumene kukhale khomo. Uta woyamba ndi waung'ono: uchoke pansonga ya pamwamba ya mtanda, upindike n'kutera pansonga yoyandikana nayo kudzanja lamanja. Kamphako kamene kapangika apo ndiye pakati pa nkhono. Uta wachiwiri uchoke pansonga yotsatira kumanzere, udutse pamwamba pa woyamba uja, ukatere padontho la kumanja. Wachitatu uchoke padontho la kumanzere, udutsenso pamwamba, ukatere pansonga yotsatira kumanja. Muzingotero: nsonga yotsatira yosagwira ntchito kumanzere, kudutsa pamwamba, nsonga yotsatira kumanja, osadumpha ngakhale imodzi, dontho nalonso n'kuliwerengera. Mwana mmodzi aziyenda ndi ndodo ija kuika timadontho motalikirana ndodo imodzi ndi uta wapitawo, wina azilumikiza. Uta wa 8 umazungulira zonse n'kukathera pansonga ya kumunsi ya mtanda, ndipo khomo limatseguka lokha kumanzere kwake. Mukaona kuti njira yatsekeka penapake, dziwani kuti mwadumpha dontho. Muyambe mwayeserera papepala kunyumba kangapo. Pofika kachisanu dzanja limakhala litazolowera, ndipo mwana wa giredi 4 amatha.

Pali msampha umodzi umene unandigwirapo, ndipo umagwira pafupifupi aliyense. Mbewu siikhala pakati pa bwalo. Mauta onse amadutsa pamwamba, choncho nkhono imakulira kumutu. Kuchokera pakati pa mtanda mufunika mamita 5.7 kupita kumutu, koma 2.4 okha kubwera kukhomo, kumanzere 4.2, kumanja 4.8. Ine nditayamba kumene ndinaika mbewu pakatikati pa simenti, ndipo uta wa 6 unakathera m'maudzu. Yezani malire anayiwa musanalembe mtanda, musiyenso malo oimapo anthu kukhomo.

Kuti theka la pamwamba lizungulire bwino, khomani msomali wa konkire pakati pa kamphako kaja, kapena wina agwirepo chitsulo mosasuntha, mumangepo chingwe chosatamuka chokhala ndi mfundo motalikirana masentimita 60, mfundo yoyamba ili pa masentimita 30. Mfundo iliyonse ilemba uta wake. Kumunsi, mauta amazungulira madontho aja a mbewu, choncho muzisamutsira chingwe pamenepo. Koma musavutike mtima ndi kupotoka pang'ono. Nkhono yojambula ndi manja imakoma m'maso kuposa yooneka ngati yatuluka m'makina, bola poponda pakhale pofanana.

Muganizirenso agogo oyenda ndi ndodo ndi anzathu a panjinga za olumala. Masentimita 52 sawakwanira. Iwo afunika mita yathunthu. Pamenepo chepetsani mikombero. Mukachotsa zigongono n'kusiya mtanda ndi madontho anayi okha, mkono uliwonse muyeso umodzi, mupeza nkhono ya mikombero 3, ya mauta 4, yomwe pa muyeso wa mita imodzi imatenga mamita 7 m'lifupi. Ngati malo alipo, ine ndikanajambula zonse ziwiri moyandikana. Yaing'onoyo ana a mkaka amaikondanso.

Kunena za penti, ntchito yaikulu ndi yotsuka, osati yopaka. Penti siigwira pa fumbi, pa ndere, kapena pa mafuta. Palani ndi burashi yawaya, tsukani ndi sopo waufa, tsukuluzani bwino, musiye masiku awiri paume. Pamene anthu ankaotcherapo zinyalala pafunika kupala kwambiri. Ming'alu ikuluikulu muimate ndi simenti, koma dziwani kuti simenti yatsopano imafuna masiku 28 isanalandire penti, choncho matani nthawi ya laimu ija. Kuti mudziwe ngati pansi pauma, matani pepala lapulasitiki ndi tepi madzulo. Mukapeza thukuta kunsi kwake m'mawa, dikirani.

Penti ya PVA ya m'nyumba musataye nayo ndalama, mvula yoyamba ya Novembala idzaisenda. Penti yamafuta yonyezimira imaterera ikanyowa, ndipo gogo akagwa pamenepo nkhani yonse yathera pomwepo. Funsani penti ya pamsewu, kapena ya acrylic yopangira pansi ndi pakhonde. Ya pamsewu imauma msanga, m'mphindi zosakwana 30, ndipo imapirira mapazi, koma yosungunulira thinasi imanunkha kwambiri ndipo siyoyenera kupatsa ana. Imeneyo apake akuluakulu. Yosungunulira madzi ndiyo yabwino pogwira ndi achinyamata, ndiponso ndiyo yoyenera ngati pansipo ndi pa tala, chifukwa thinasi amasungunula phula, mzere woyera n'kusanduka wofiirira. Werengani pachitini, mufunse yopanda mtovu, makamaka ngati mukugula yachikasu kapena yofiira, pakuti ana adzakhala pansi pomwepo n'kumadya ndi manja omwewo. Yoyezeredwa m'mabotolo opanda dzina ndi yotchipa, koma simudziwa chimene chili m'katimo. M'penti ya ulendo wachiwiri thiranimo mchenga wosefa pang'ono, dzanja limodzi pa lita, kuti pasamaterere.

Kuchuluka kwake musaope. Mizere yonse pamodzi ndi mamita opitirira pang'ono 100. Pa masentimita 8 m'lifupi, chitini chimodzi cha malita 5 chikwana kupaka kawiri, ina n'kutsala. Pentani mizere yokha, osati poponda. Poponda mukapenta mudzafuna zitini zambiri ndipo mapazi adzaifufuta msanga. Maburashi a mainchesi atatu ndiwo akupatsani mzere wa muyeso umenewu popanda tepi. Yambirani pakati kutulukira kunja kuti musadzitsekere, ndipo aliyense atenge uta wake.

Harare ili pamtunda, mamita pafupifupi 1,500 kukwera m'mwamba poyerekeza ndi nyanja yamchere, ndipo dzuwa lake limadya mitundu. Zofiira zowala ndi zapinki zimafwifwa chaka chisanathe. Yoyera imakhalitsa, chimodzimodzi mitundu ya dothi monga red oxide. Pa simenti yotuwa, mzere wa red oxide umaoneka ngati katondo wa kwathu ndipo suthobwa m'maso masana. Pa tala, yoyera ndiyo imaoneka. Pali kanthu kamodzi kosangalatsa: makoma onse a nkhono ndi mizere iwiri yokha yopingasana pamtanda paja. Mukapenta umodzi wofiira, wina woyera, anthu amaima n'kumailondola ndi chala, osakhulupirira. Maluwa, nsomba, manja a ana ndi zina zokongoletsa ziikeni kunja kwa mkombero woyamba, kuti njira ikhale yoyera m'maso.

Nyengo yake ndi kuyambira Meyi mpaka Seputembala. Mu Juni ndi Julayi musalawirire, chifukwa simenti imakhala yozizira ndi mame ndipo penti yamadzi siigwira bwino kukazizira kwambiri. Yambani cha m'ma 10 koloko, muleke cha m'ma 3. Ogasiti ali ndi mphepo ya fumbi, sankhani tsiku labata. Mu Okutobala simenti imatentha moti penti imaumira paburashi, ndipo ngati pafupi pali mtengo wa jakaranda, maluwa ake amamatirira pa penti yaiwisi. Opaka laimu avale magolovesi ndipo asamale maso, amaotcha. Madzi otsukira maburashi musathire m'ngalande.

Loweruka loyamba la Meyi chaka chilichonse anthu m'maiko ambiri amakumbukira World Labyrinth Day, ndipo amayenda 1 koloko masana, aliyense pa nthawi ya kwawo. Kwa ife tsikuli limagwa bwino, mvula itangotha. Mukhoza kulisandutsa tsiku la choko, Meyi yense n'kukhala wa laimu, penti n'kubwera mu Juni. Potsegulira musachulutse malamulo. Kachikwangwani kamodzi kakwana, m'Chishona, m'Chichewa ndi m'Chingerezi, konena kuti njira ndi imodzi, lowani apa, mukakumana patukiranani. Ana adzathamanga, asiyeni. Akatopa mudzawaona akuyenda pang'onopang'ono okha. Pakati pamakwana munthu mmodzi, choncho polowa muzisiyana mtunda pang'ono.

Musanabalalike tsiku limenelo, mugwirizane za tsache: ndani asesa sabata ino, ndani sabata yamawa, maina alembedwe. Mabwalo amene ndinapenta n'kubwereranso ku zinyalala, onse anafa chifukwa cha tsache, osati penti. Yotsala m'chitini muitseke bwino, muisungitse kwa munthu mmodzi wodziwika pamodzi ndi ndodo yoyezera ija ndi kalata ya khonsolo. Mvula ikadzatha chaka chamawa mudzapeza kuti pakhomo ndi m'makhota, momwe mapazi amapotokera, mizere yayamba kufufutika, ndipo theka la tsiku lidzakwana kuibwezeretsa.